Chitseko cha a Ngozo

Musandifunse mayina a malo amene tinadutsa ine ndi amuna anga a Ngozo, chifukwa konseko kunali kumodzi: mulu wa mchenga, mulu wa njerwa, ndi nyumba yosatha itayasama kumwamba. Zaka nazo zinasokonekera. Pena ndimayesa ndinangolota, koma ndikayang'ana zikhatho zangazi mmene simenti inazidyera, ndimadziwa kuti ndinayendadi.

Tonse awiri tinabadwira pa esiteti ya fodya, ana a matenanti. Makolo athu anachokera kutali, ndipo anamwalira asanatisonyeze njira ya kwawoko. Esiteti itagulitsidwa, mwini watsopano anati sakufuna fodya, sakufunanso anthu. Anzathu anamanga katundu n'kumapita kwawo. Ife tinamanganso katundu, n'kukaima pamsewu, kumangoyang'anana.

Koma nkhani yeniyeni inayamba kale, ndisanalowe m'banjamo, pa maliro a bambo awo a Ngozo. Anamwalira nthawi ya dzinja, kanyumba kawo kaudzu katangogwa ndi mvula. Ndiye maliro anakagonekedwa m'chigafa, muja timayanikamo fodya: denga pamizati basi, mbali zonse pululu. Itakwana nthawi yonyamula, akuluakulu anayamba kufunsana kuti titulukira pati. Wina akuti uku, wina akuti iyayi uko. Mapeto ake anangodutsa pakati pa mizati ngati akutulutsa belo la fodya. A Ngozo anali pomwepo, ndipo zimenezo sizinawachoke m'maso.

Tsiku lomwe tinaima pamsewu lija, anandiuza kuti, "Mayi, ine sindifuna zambiri. Tsiku langa likadzafika, ndidzatulukire pakhomo. Pakhomo panga, chitseko chili chotsegula, munthu atachigwira."

"Ndiye munandikwatira kuti ndidzakhale wogwira chitseko?"

"Eya, nanga n'chiyaninso?"

Ndinaseka mpaka misozi. Ndinali mtsikana, imfa ndinkaiona ngati nkhani ya anthu a kutsidya.

M'tauni yoyamba tinaphunzira kuti nyumba yosatha imafuna munthu. Mwini wake amakhala kutali, amamanga pang'onopang'ono akapeza kangachepe, ndipo akuba amazula mafelemu ndi kututa njerwa. Ndiye amafuna banja loti lizigona m'chipinda chimodzi, utsi uzioneka. Malipiro palibe, kugonako ndiye malipiro. Tinakutira pepala lakuda la pulasitiki pakona imodzi, n'kuika mafuwa pabwalo.

Kumeneko ndinaphunzira kuthirira simenti. Kapitawo wa amisiri anandiuza kuti khoma latsopano limamva ludzu, ukalimana madzi limang'aluka. Ndinkalawirira ndi ndowa dzuwa lisanakwere, kuwaza khoma ndi khoma. Ndinabzalanso papaya kuseri, pamene ndinkatayira madzi otsukira mbale. A Ngozo ankakandira amisiri matope, ndipo akaweruka ankaima pakhomo lalikulu lopanda chitseko lija, n'kutambasula manja kukhudza uku ndi uku.

"Apa bokosi lingadutse bwinobwino," ankatero.

"Inu, mukulodza! Khomo la eni ake limenelo."

"Ndikungoyesa, mayi. Kuyesa salipira."

Papaya atayamba maluwa, tsiku lina kunabwera lole itadzaza malata. Amisiri anakwera pamwamba, nyundo zinayamba kulira, ine n'kumalulutira ngati chitsiru, ati nyumba yathu yafoleredwa. Madzulo ake mwini nyumba anafika atavala jekete. Anatipatsa moni wa manja awiri.

"Mwatithandiza kwambiri," anatero.

Ndinayembekeza mawu otsatira, koma panalibe. Anangoyang'ana mafuwa athu, n'kuyang'ana msewu. A Ngozo ndiwo anamva msanga, anayamba kupinda mphasa.

Kuyambira pamenepo ndinadana ndi malata. Ndikangomva nyundo padenga, ngakhale la kutali, manja ankayamba kufunafuna chitenje chomangira mapoto. Anthu amaopa mvula, ine ndinkaopa denga.

Tinapita kwina, kuboma lina laling'ono la msewu umodzi. Nyumba yake inali yosanja, makwerero ake ankathera m'mwamba mopanda kanthu. Kumeneko ndinaphunzira kuswa miyala. Umakhala pansi utatambalala, mwala pakati pa miyendo, n'kumamenya ukuyang'ana kumbali kuti tizidutswa tisakulowe m'maso. Ndinabzalanso papaya. A Ngozo anayesanso khomo ndi manja, ine ndinawakalipiranso.

Ndi kumeneko tinaonana koyamba ndi mayi Gonthi. Anatsika m'galimoto loyera atanyamula ambulera yofiira, mayi wamfupi wa mawu ofatsa. Anakhala panjerwa osadikira mpando. Anatifotokozera kuti boma limatulutsa ndalama zothandiza anthu osowa pokhala, ndalamazo n'kuzipereka ku mabungwe, ndipo iwo ankagwira ntchito ku bungwe limodzi lotero. Ankayenda kufunafuna anthu ake.

"Mwawapeza," ndinatero.

Anakweza maso kuyang'ana chinyumba chija. "Chaka chino, mayi, thandizo labwera la anthu ogona m'makonde a masitolo. Inu muli ndi makoma."

"Makoma a eni ake."

"Ndikudziwa. Koma ndi makoma."

Anatisiyira sopo, n'kunena kuti tisataye mtima, zimasinthasintha. Galimoto litapita, ndinamenya mwala mpaka nyundo inaguluka pampini. A Ngozo anangoti, "Kwa eni kudyetsa nthanga dzungu ukulifuna," n'kupita kukatola nyundoyo.

Lole ya malata itabweranso, jekete lina litatiuzanso kuti tathandiza kwambiri, ndinati basi, tiyeni kumakonde. Ngati thandizo likufuna wogona pakhonde, litipeze pakhonde. A Ngozo sanafune, koma ine ndikalimbikira chinthu ndimalimbikira.

Kugona pakhonde nakonso ndi ntchito yoiphunzira. Makatoni uyale awiri, chifukwa simenti imayamwa munthu. Mutu uloze kukhoma, katundu utsamire. M'mawa udzuke mwini sitolo asanafike, usese, ukolope, asaone ngakhale tsitsi lako. Ukatero amakhala ngati sakudziwa kuti umagona pamenepo, iwenso umakhala ngati sukudziwa kuti akudziwa. Tinakhala choncho nyengo yozizira yonse, mwina ziwiri. Pamenepo ndi pamene chifuwa cha a Ngozo chinayambira, kakhosomola kouma kosachoka. Ndinkakamva pamsana panga tikagundana, ndipo ndinkachita mantha.

Mayi Gonthi anatipeza m'mawa wina ndikukolopa. Galimoto lomwe lija, ambulera yomwe ija koma itafwifwa.

"Tafika pakhonde paja, mayi," ndinatero ndisanawapatse n'komwe moni.

Anaweramitsa mutu. "Iii, mayi anga. Chaka chino akuti tipewe. Thandizo n'la amene ali pa lendi, amene atsala pang'ono kutulutsidwa, kuti asafike pakhonde."

"Nanga ife amene tafika kale?"

"Za inu zinali za chaka chatha."

"Chaka chatha munati tili ndi makoma!"

Ndinakweza mawu mpaka alonda a masitolo anatembenuka. Mayi Gonthi anangondigwira dzanja lonyowalo. Ndinafuna kulilanda koma sanalisiye. Anati iwo sasankha, amangouzidwa kumene ndalama yaloza, n'kumathamangira komweko.

Tinakafunadi lendi, kachipinda kuseri kwa chigayo. Chinali ndi chitseko, koma a Ngozo sanachiyese ndi manja, anati chitseko cha lendi n'chobwereka. Fumbi la chigayo linkalowa paliponse, ndipo chifuwa chija chinakula. Tinadikira kuti mwini chipinda atiopseze, ndipo anatiopsezadi, sitinachite kumupempha. Mayi Gonthi atabwera anali wapansi, nsapato zili mbuu. Anati chaka chimenecho ndalama sizinatuluke n'komwe, galimoto laima, anzawo ena achotsedwa ntchito. Anabwera kudzangotiuza kuti tisamadikire pamsewu. Ndinawapatsa madzi, anamwa chigayo chikulira.

Zitatero tinabwerera ku nyumba zosatha. Za zaka zimenezo ndimakumbukira ngati munthu wa malungo. Tinkachoka pamudzi wina m'mawa, kuyenda tsiku lonse, n'kukafika pa mulu wa mchenga womwe uja, wilibala yomwe ija yopanda tayala itagona chafufumimba. Eni nyumba onse anali ndi nkhope imodzi. Ndinabzala mapapaya osawerengeka, sindinadyepo ngakhale limodzi. Mbuzi imodzi yomwe tinali nayo inagwera m'dzenje la chimbudzi chosatha. Mphika wa mayi anga unasweka pa lole ina imene inatikweza. Ana Mulungu sanatipatse, ndipo pena ndinkati mwina anaona kuti tilibe powagoneka.

Mphamvu zoswa miyala zitatha, ndinaphunzira kuwongola misomali. Amisiri akaphwasula matabwa othirira konkire, misomali yopindika amangoitaya. Ndinkaitola, n'kuigogoda pamwala umodziumodzi mpaka iwongoke, n'kumagulitsa kwa okhoma mipando. Ina ndinkasunga m'chitini cha mkaka, kaya ndinkasungiranji. A Ngozo anasiya ntchito, ankangokhala padzuwa atafunda bulangete. Koma tikafika pa nyumba yatsopano ankadzikokabe mpaka pakhomo n'kutambasula manja. Ndinasiya kuwakalipira. Ndinkangoyang'ana kumbali, chifukwa manjawo anali ataonda kwambiri.

Tsiku lina ndikugogoda misomali, mthunzi wa ambulera unandigwera. Mayi Gonthi anali ndi imvi tsopano, ndipo ambulera inali yomangamanga ndi ulusi.

"Ndakufunani m'matauni onse," anatero akupuma mwabefu. "Chaka chino n'cha okalamba ndi odwala. Akumanga nyumba."

Ndinapitiriza kugogoda. Ndinkadikira mawu oti koma.

"Palibe koma, mayi. Nyamukani."

A Ngozo anakhosomola nthawi yaitali, kenako anati, "Ndiye chifuwa changachi chakhoza mayeso."

Malo ake anali kumapeto kwa tauni ina, kumene msewu umathera m'minda. Panali mzere wa tinyumba ta zipinda ziwiriziwiri, tonse tosatha. Mayi Gonthi anatisonyeza zikhomo zinayi m'nthaka, nati apa ndi panu. Anatichenjeza kuti ndalama za boma sizibwera pakamodzi, zimabwera m'zigawo. Chigawo choyamba chinakumba maziko, amisiri n'kusowa. Udzu unamera m'mazikomo. Chachiwiri chinakweza makoma, amisiri n'kusowanso. Tinakutira pulasitiki pakona imodzi n'kuika mafuwa pabwalo, monga mwa nthawi zonse.

Ndinkathirira makomawo m'mawa uliwonse, kupitirira muyezo, mpaka mnansi wathu a Nasoko, mayi wamasiye wa kanyumba koyandikana nafe, anandiseka kuti kodi mukufuna amere masamba? Papaya sindinabzale. Ndinali ndi njere m'kansalu, koma ndikati ndikumbe, dzanja linkakana. Tulo sindinkaliona bwino. Galimoto lililonse likamveka ndinkadzidzimuka, kuyesa kuti n'la jekete.

Mitambo itayamba kusonkhana, mayi Gonthi anabwera nkhope ili yolemera. Anandiitanira kuseri, koma a Ngozo makutu awo anali akuthwabe.

"Chigawo chachitatu chabwera chopereweza," anatero. "Nyumba iliyonse isankhe: malata, kapena chitseko ndi mazenera. Chotsalacho chidzabwera ndi chigawo chomaliza, mwina mvula ikadzatha."

"Chitseko!" a Ngozo anakuwa ali m'kati. Mawu otero anali asanawatulutse kwa miyezi.

Ndinalowa. Anali atadzuka pamphasa, atatsamira khoma.

"Bambo, mvula ili pafupi. Chifuwa chimenechi chikanyowa ndiye kuti mwapita."

"Ndikupita ndithu, mayi. Nkhani ndi potulukira."

"Musandiuze zimenezo! Ine ndikufuna mukhale, inu mukufuna kutuluka. Chitseko chimatchinga mvula?"

"Munalonjeza."

"Sindinalonjeze, ndinaseka."

Anandiyang'ana osaphethira. Ndinatuluka, ndipo ine amene ndinadana ndi malata moyo wanga wonse ndinauza mayi Gonthi kuti tikufuna malata.

Lole inabwera. Nyundo zitangoyamba kulira pamwamba, sindikudziwa chimene chinachitika. Ndinangozindikira ndaima pabwalo, mapoto ndamanga kale m'chitenje, mtolo uli pamutu. A Nasoko anandithamangira nati, "Mukupita kuti, anzanga? Akufolera nyumba yanu!" Ndinatula mtolowo mwamanyazi. Madzulo ndinakhala pakhomo kudikira jekete, koma silinabwere. Kunabwera mvula, ndipo kwa nthawi yoyamba inagwa pamwamba pathu osatikhudza.

Ndinalowa mokondwa kuti ndiwauze a Ngozo amvere. Anali atagona chagada, akuyang'ana denga, kenako bowo la khomo, kenako mabowo a mazenera mmene mphepo inkadutsa.

"Mayi," anatero pang'onopang'ono, "mwandimangira chigafa."

Mawu amenewo anandilasa kuposa mpeni. Ndinatseka mazenera ndi njerwa zotsala, pakhomo ndinapachika chiguduli. Iwo anangoti chiguduli n'cha chimanga. Anayamba kukana phala. Ndikawanyengerera ankatembenukira kukhoma. Ndinathamangira kwa mayi Gonthi, iwo nati chigawo chomaliza sichinamveke, akafunsanso. Ndinawafunsa kuti kodi imfa nayo imabwera m'zigawo? Sanakwiye, anangoti pepani.

M'mawa mwake ndinasiya a Ngozo m'manja mwa a Nasoko, n'kupita kukafuna chitseko. Ndinaganiza kuti pa nyumba zonse zimene ndinamwetsa madzi, ina iyenera kukhala ndi chitseko chakale chotayidwa kuseri.

Ulendo umenewo sindiumvetsa mpaka lero. Nyumba zimene tinazisiya m'matauni otalikirana ndinazipeza zitandandalika mumsewu umodzi, zonse zopakidwa penti, zonse m'mipanda yaitali. Ndinkazizindikira ndi mapapaya anga, atasuzumira pamwamba pa mipanda, zipatso zili lendelende. Ndinagogoda mageti. Pena kunkayankha galu. Pena mlonda ankasuzumira pa kabowo nati mabwana kulibe. Pa geti lina panatuluka mwini wake, atakalamba naye, jekete likumukhwepa. Ndinamukumbutsa kuti ndine uja wa ndowa. Anaganiza nthawi yaitali, kenako nkhope inawala.

"Ooo! Munatithandiza kwambiri," anatero, n'kutseka geti mwaulemu.

Dzuwa linkapendeka, ine mtima uli kwa a Ngozo. Ndinkangoti bwanji ngati apita ine ndili pamsewu, bwanji ngati awatulutsa pa chiguduli. Kumapeto kwa msewuwo ndinaona mulu wa mchenga, mulu wa njerwa, ndi nyumba yoyasama. Pakona panali pulasitiki yakuda. Mtsikana wina wapakati anali atagwada pa mafuwa, akufuna kusonkhezera matabwa othirira konkire, otuwa ndi simenti. Kuseri kwake ndinaona kambewu ka papaya katatchingidwa ndi njerwa.

"Mwanawe, usatenthe amenewo," ndinatero. "Ndigawire."

Anandiyang'ana modabwa. Ndinamuuza zonse mwachidule, za chigafa, za chifuwa. Sanafunse zambiri. Anasankha matabwa owongokako, n'kundithandiza kusenza.

"Inunso munalondako nyumba, amayi?" anafunsa.

"Pang'ono."

"Ati akafolera atisiyira chipinda chakuseri."

Za jekete sindinamuuze. Ndinangomuuza kuti akadzaona mayi wamfupi wa ambulera yofiira asadzabisale, ndipo asadzatope kumufunsa.

Ndinawapeza a Ngozo akupumabe. Ndinatula matabwa pabwalo n'kutulutsa chitini changa cha misomali. Atamva kugogoda anapempha a Nasoko kuti awakokere mphasa pafupi ndi khomo. Munthu amene anakana kulankhula nane masiku onsewo anasanduka kapitawo.

"Lopingasalo likwere pang'ono. Ayi, mwakwezetsa. Kodi maso muli nawo?"

"Bwerani mukhome nokha ngati mukudziwa!"

"Ndayesa makomo zaka zonsezi, ndingalephere kudziwa?"

Felemu panalibe, ndiye ndinaimika mtengo wa bulugamu m'mbali mwa khomo, n'kuutsina ndi zidutswa za njerwa mpaka unalimba. Mahinjesi ndinadula ku tayala lakale limene a Nasoko ankakhalira. Ndinadzimenya chala mpaka chikhadabo chinada. Chitseko chinatuluka chokhota, chotuwa, mipata yake yolowa chala. Ndiponso mphira ya tayala ija inali yolimba, moti ukachitsegula n'kuchisiya chinkabwerera chokha n'kudzitseka.

Ndinaima n'kumachiyang'ana, manyazi atandigwira. A Ngozo anachiyang'ana kuyambira pansi mpaka pamwamba.

"Tulukani," anatero.

"Mukundithamangitsa?"

"Tulukani, mutseke, mugogode."

Ndinatuluka, chitseko n'kudzitseka kumbuyo kwanga. Ndinaima pabwalo ngati mlendo, ndipo ndinagogoda.

"Odi!"

Kunali zii. Mtima unandiima. Kenako ndinamva akukonza kukhosi, mosafulumira, ngati bwana.

"Ndani?"

"Ndine."

"Ine ndani? Kuno sitilandira anthu osadziwika."

"Inu a Ngozo, musandiyambe!"

"Odini, odini. Lowani, mayi. Fikani."

Nditalowa ndinawapeza akuseka, misozi ikutsikira m'makutu. Moyo wawo wonse anali asanauzepo munthu kuti lowani. Tsiku limenelo anamwa phala. Mawa lake anandituma kukatunga madzi ngakhale mtsuko unali wodzaza, kuti ndidzagogodenso. A Nasoko nawo ankagogoda, ndipo ankafunsidwa kuti ndani ngakhale mawu awo ankadziwika mzere wonse. Mayi Gonthi atabwera kudzatiuza kuti chigawo chomaliza chachedwanso, anaimitsidwa panja nthawi yaitali, kufunsidwa za kumene achokera ndi chimene adzera. Analowa akupukuta m'maso ndi nsonga ya chitenje.

Sizinatenge nthawi. M'mawa wina ndinachokera kudimba la a Nasoko ndi masamba m'manja, n'kugogoda monga mwa masiku onse.

"Odi!"

Ndinadikira kuti akonze kukhosi. Ndinati akundiseka, achedwe dala. Ndinagogodanso. Mbalame zinkalira padenga, ndipo m'kati munalibe chifuwa. Ndinaima pamenepo mpaka masamba anafota m'dzanja, chifukwa ndinadziwa kuti ndikakankha chitsekocho ndiye kuti zatheka.

Maliro anagona m'nyumba. Anthu a mzere wonse anabwera, okalamba ndi odwala anzathu, ena ochita kugwiriziza ndodo. Amayi anadzaza chipinda, ine ndili pakati pawo pafupi ndi bokosi. Itakwana nthawi yonyamula palibe anafunsa kuti titulukira pati. Amuna anakweza bokosi n'kuloza kukhomo. Wina anakankha chitseko, koma atangochisiya kuti agwire bokosi, chinabwerera n'kudzitseka pamaso pawo. Anakankhanso ndi phazi, chinabwereranso. Wina anati tichizule kaye, tidzachibwezera tikabwerako.

Ndinaimirira. Amayi anandikoka chitenje kuti namfedwa sadzuka, koma ndinawalumpha miyendo. Ndinatsegula chitsekocho mpaka kukhoma, n'kuchigwira ndi manja awiri.

Bokosi linadutsa osakhudza uku kapena uku.

Chitseko cha bungwe chinadzabwera mvula itatha, chosalala, cha loko ndi makiyi. Chili chotsamira kukhoma m'chipinda, mmisiri ndinamuuza kuti adikire kaye. Papaya ndinabzala, ali m'chiuno tsopano. Koma dzulo lomweli, pochokera kumjigo, a Nasoko anandipeza ndaima pabwalo, ndowa pamutu, dzanja lili pa matabwa otuwa aja.

"Anzanga, mukugogoda kwa yani? N'kwanu kumeneko."

"Ndikudziwa," ndinatero. "Ndikungodikira pang'ono."